Napolo Sabwera Mobisa: Tiphunzitse Ana Kuwerenga Phiri

 Papita nthawi ndithu ndisanalembe kanthu. Mundikhululukire, mukudziwa nokha mmene ntchito yathuyi imakhalira: masana choko, usiku kuchonga makope mpaka maso kuwawa. Koma lero pali nkhani imene yandisowetsa tulo, ndipo ndaona kuti ndikapanda kuitula pano indidwalitsa.

Sabata yatha ndinali m'kalasi la Fomu 3, tikukambirana za kugumuka kwa nthaka m'mapiri. M'buku muli chithunzi cha phiri loyera mbee la ku Ulaya, chipale chofewa chikutsika ngati mtambo. Ndinafunsa kuti avalanche n'chiyani. Mtsikana wina wakhama kwambiri anaimirira n'kuyankha m'Chingelezi chosalala, osaphonya liwu ndi limodzi lomwe. Ndinamuyamikira. Kenako ndinafunsa kuti, nanga kwathu kuno zoterezi zimachitika? Kalasi lonse linayankhira pamodzi kuti ayi, kuno kulibe sinowo.

Sananame anawo. Ngakhale pamwamba pa Sapitwa, pa mamita 3,002, chimene mungapeze mu June ndi July ndi chisanu choumitsa zala ndi madzi oundana m'mamawa, osati chipale chokwirira mudzi. Koma ndinawauza kuti asuzumire pawindo. Kuno ku Muloza sipafunika kuyenda ulendo kuti uone zipsera zimene phiri la Mulanje linatsala nazo mu March 2023: mizere yotsika kuchokera kumtunda, ngati chilombo chinakanda ndi zikhadabo. Ndinafunsa kuti, nanga izo n'chiyani? Kunali zii. Kenako mnyamata wina wokhala kumbuyo, amene nthawi zambiri salankhula, anati: "Aphunzitsi, uja ndi Napolo. Napolo mulibe m'buku."

Mawu amenewo anandilasa. Ana amenewa anali ku pulaimale pamene namondwe wa Freddy anatigwera. Ena anagona m'makalasi masabata angapo chifukwa nyumba zawo zinapita. Ena anaika m'manda abale awo, ena mpaka lero alibe manda oti aloze. Koma m'mitu mwawo, zimene amaloweza za mayeso ndi zimene anaona ndi maso awo ndi zinthu ziwiri zosadziwana. Vuto limeneli si la anawo ayi. Ndi lathu, ife aphunzitsi.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosapsatira: phiri limachenjeza lisanagumuke, ndipo sukulu iliyonse imene ili m'tsinde mwa phiri la Mulanje iyenera kuphunzitsa ana kuwerenga machenjezo amenewo, monga mmene anthu a kumapiri a ku Ulaya amaphunzirira kuwerenga chipale chawo.

Ndiyambe ndi chipalecho, poti ndi chimene chili m'buku. M'nyengo yozizira chipale sichigwa tsiku limodzi. Chimagwa lero, mphepo n'kuchipanikiza, dzuwa n'kuchiwomba, china n'kudzagwa pamwamba pake. Mapeto ake chimasanjikizana ngati mphasa zounjikidwa. Mwa zigawo zimenezi china chimakhala cholimba, china chofooka, chosagwirana, ngati shuga. Ngozi imabwera pamene chigawo cholimba ndi cholemera chakhala pamwamba pa chofooka, pamalo otsetsereka, makamaka a madigiri 30 mpaka 45. Pamwamba pamaoneka bwinobwino, posalala, pokongola. Koma munthu mmodzi yekha akaponda pamalo olakwika, chigawo chofooka chija chimasweka ndipo chiphathi chonse chimatsetsereka nthawi imodzi. Ndiye chifukwa chake akatswiri awo sakhulupirira maso okha. Amakumba dzenje m'chipalemo n'kuona zigawozo chimodzichimodzi, kufufuza pamene pali pofooka.

Tsopano taganizani za phiri lathu. Amene munakwerako kudzera ku Likhubula kapena mbali ina iliyonse mukudziwa kuti pansi pake ndi thanthwe lolimba, malo ambiri losalala ngati simenti. Pamwamba pa thanthwelo pali dothi, penapake lochepa kwambiri, logwiridwa ndi mizu ya udzu ndi mitengo. Mvula ikagwa madzi amalowa m'dothi, koma akafika pathanthwe sangapitirire. Amayamba kuyenda pakati pa dothi ndi mwala. Mvula ya tsiku limodzi dothi limapirira. Koma ikagwa masiku atatu, anayi osalekeza, dothi limakhuta, limalemera, ndipo pamene limagwirana ndi thanthwe pamaterera. Pamenepo ndiye pali chigawo chathu chofooka. Chigamba chimodzi chikangosuntha chimagwera m'khwawa, n'kusakanikirana ndi madzi, mitengo ndi miyala. Chimene chimatsika si madzi wamba. Ndi phala lolemera ngati konkire yosauma, lotha kunyamula mwala waukulu ngati nyumba umene madzi okha sangausunthe. Mwaona? Kwawo n'chipale, kwathu ndi dothi, koma nkhani yake ndi imodzi: cholemera pamwamba, choterera pansi, malo otsetsereka.

Tiyeni tichiteko masamu pang'ono, aphunzitsi a Masamu musandiseke. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa malo otalika mita imodzi mbali zonse. Pa nthawi ya Freddy, ku Nkhulambe m'boma la Phalombe, kuseri kwa phiri lomweli, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Ndiye kuti kamalo kakang'ono ngati tebulo la mphunzitsi kanalandira madzi olemera tani yathunthu. Pa ekala imodzi, amenewo ndi madiramu oposa 20,000 a malita 200. Ndi dothi liti lokhala pathanthwe lotsetsereka limene lingasenze katundu wotere?

Ndipo si koyamba. Mu December 1946 phiri la Zomba linagumuka pambuyo pa chimvula choopsa, ndipo agogo athu sanaiwale Napolo ameneyo. Mu March 1991 zinachitika ku Phalombe, kuchokera m'phiri la Michesi, anthu mazanamazana anatisiya. Mu March 2023 zinachitika malo ambiri nthawi imodzi: ku Chilobwe m'tsinde mwa phiri la Soche ku Blantyre, ku Ntauchira ku Chiradzulu, ku Nkhulambe, komanso kwathu konkuno kwa T/A Njema. M'dziko lonse anthu oposa 670 anatsimikizika kuti amwalira, oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo. Kuchokera 1946 kufika 1991 ndi zaka 45. Kuchokera 1991 kufika 2023 ndi zaka 32. Ndipo anamondwe akhala akubwera motsatizana: Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Amene akuganiza kuti tapuma kwa zaka makumi atatu akudzinamiza.

Pano ndifuna nditeteze akuluakulu athu. Ife ophunzira timakonda kuseka nkhani yakuti Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene nthawi zina chimasamuka kutsikira kumadzi akuya, n'kuwononga chilichonse chimene chili m'njira yake. Ine sindiphunzitsa za njoka m'kalasi. Koma tamvetserani bwino zimene nkhaniyo ikunena. Ikunena kuti chinthucho chimachokera m'phiri, chimabwera nthawi ya chimvula, chimamveka chikamabwera, ndipo chili ndi njira yake. Kodi si zimene sayansi ikunenanso? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Tayang'anani miyala ikuluikulu yobulungira imene ili m'minda mwathu, kutali ndi phiri, imene ana amaseweretsapo ndipo amayi amayanikapo chinangwa. Inafika bwanji pamenepo? Palibe thalakitala imene inaibweretsa. Inabwera ndi Napolo wakale, mwina agogo a agogo athu asanabadwe. Mwala uliwonse wotere ndi kalata yochokera kuphiri, yonena kuti ndinadutsapo pano ndipo ndikhoza kudzadutsanso. Ife tamanga nyumba pafupi ndi kalatayo osaiwerenga.

Nanga anzathu a kuchipale amachita chiyani chimene ife sitichita? Iwonso analira maliro ambiri asanaphunzire. M'nyengo yozizira ya 1950 mpaka 1951, anthu pafupifupi 100 anafa ndi zigumukire za chipale ku Switzerland kokha. Mu February 1999 mudzi wa Galtür ku Austria unataya anthu 31 tsiku limodzi. Koma sanangoti ndi tsoka. Ku Davos kuli bungwe lofufuza za chipale lotchedwa SLF, limene m'nyengo yozizira limatulutsa chenjezo kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo. Ndipo kuyambira 1993 mayiko a ku Ulaya anagwirizana za muyeso umodzi wa ngozi, wa masitepe asanu, kuyambira 1 mpaka 5. Munthu asanakwere phiri amayamba wafunsa kuti lero tili pa nambala yanji.  Chenjezo lawo silimangoti samalani, limanena kuti mbali iti ya phiri, kuyambira msinkhu uti, chifukwa chiyani.

Pali chinthu china chimene chinandidabwitsa nditachiwerenga. Anthu ambiri okwera mapiri kumeneko safa pa nambala 5 ayi. Pa 5 aliyense amaopa, amakhala m'nyumba. Ambiri amafa pa nambala 3, tsiku looneka labwinobwino, pamene munthu amati mwina palibe vuto, ndipite basi. Kodi si ife amenewo? Tonsefe tinamva pawailesi kuti Freddy akubwera. A zanyengo analengeza, zimenezo tisawanamizire. Koma ambiri tinati mvula ndi mvula, ife a ku Mulanje tinabadwira m'mvula, chiperoni ndi mnzathu. Tinkaganiza kuti chenjezolo ndi la anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene madzi amasefukira chaka ndi chaka. Amene anali kumtunda ankadziona otetezeka. Sitinadziwe kuti kwa ife ngozi sichokera kumunsi, imachokera kumwamba.

Chitsanzo chimene ndikufuna muchisunge ndi cha mudzi wa Blatten, ku Switzerland komweko. Pa 28 May 2025 chigumukire cha miyala, madzi oundana ndi matope chinakwirira pafupifupi mudzi wonse. Mukaona zithunzi zake mungaganize kuti ndi kwathu kuno mu 2023. Koma mwa anthu pafupifupi 300 a m'mudzimo, anafa ndi mmodzi yekha. Chifukwa chiyani? Panali anthu amene ankayang'anira phirilo, anaona kuti thanthwe likusuntha, ndipo anthu anasamutsidwa masiku asanu ndi anayi chigumukire chisanatsike, pamodzi ndi ziweto zomwe. Nyumba zinapita, tchalitchi chinapita, koma anthu alipo. Phiri sanaliletse. Anangolimvera.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukunena mumtima: aphunzitsi, amenewo ndi azungu olemera, ali ndi ndege ndi makina, ife choko chenichenicho chimatisowa. Zoona. Koma zambiri zimene ndikupempha sizilira ndalama. Tamverani.

Choyamba, sukulu iliyonse ikhale ndi choyezera mvula. Ngakhale chitini chowongoka bwino ndi rula zikhoza kugwira ntchito. Ana azisinthana kuyeza m'mawa uliwonse, kulemba m'kope, n'kuwonkhetsa mvula ya masiku atatu apitawo, chifukwa choopsa si mvula ya lero yokha koma imene dothi lamwa kale. Nambalayo izilembedwa pabolodi panja pa ofesi ya ahedi, pamene aliyense wodutsa angaione. Pakatha zaka zingapo sukulu idzakhala ndi mbiri yakeyake ya mvula, chinthu chimene akatswiri a zanyengo angachigwiritse ntchito potiuza kuti ikafika pakuti, kwanu kumeneko kwaopsa.

Chachiwiri, mwana aliyense adziwe zizindikiro, m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, osati m'Chingelezi cha mayeso chokha. Ming'alu yatsopano m'nthaka kumtunda kwa mudzi. Mitengo kapena mapolo amene apendekeka mwadzidzidzi. Akasupe otumphuka pamalo pamene sipanatulukepo madzi. Mtsinje umene unali woyera n'kusanduka matope okhaokha, wodzaza ndi zinyalala za mitengo. Ndipo choopsa kuposa zonse, chimene ambiri sachidziwa: mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, musasangalale. Ndiye kuti kumtunda kwatsekeka, madzi akudzikundikira, ndipo akaboola abwera onse pamodzi. Mukamva mkokomo ngati malole ambiri kapena bingu losatha, nthawi yolongedza katundu yatha. Ndipo pothawa musathamangire kumunsi motsata khwawa, simungapambane nalo liwiro. Thawirani cham'mbali, kutuluka m'njira yake, kukwera pamalo okwera.

Chachitatu, tijambule mapu. Imeneyi ndiye ntchito yeniyeni ya Jogalafe. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 ayende m'midzi mwawo ndi agogo awo, alembe pamene matope anadutsa mu 2023, pamene pali miyala yakale ija, pamene akuluakulu amakumbukira kuti madzi anadutsapo kale. Alembenso malo okwera amene sanakhudzidwe, ndi njira yofikira kumeneko usiku, poti ambiri Napolo anawapeza mumdima. Mapu amenewo apite kwa amfumu ndi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi. Asathere m'kabati.

Chachinayi, tikhale ndi muyeso wathuwathu wosavuta. Sitikusowa masitepe asanu, atatu akwana. Loyamba: phiri lagona, pitirizani ntchito. Lachiwiri: dothi lakhuta, konzani zikalata, mankhwala ndi tochi, okalamba ndi ana akagone kwa abale kumalo otetezeka. Lachitatu: chokani tsopano. Amene angaike malire a masitepewa ndi akatswiri a zanyengo pamodzi ndi a DoDMA, osati ine. Koma kuwaphunzitsa kwa ana, kuti belu la sukulu kapena la tchalitchi likalira mwakutimwakuti aliyense adziwe tanthauzo lake, imeneyo ndi ntchito yathu.

Tsopano nkhani ya mitengo, poti ndikudziwa kuti wina aifunsa. Pambuyo pa Freddy aliyense ankaloza chala owotcha makala ndi ocheka matabwa. Kunena zoona nkhalango yatha, ndipo zikupweteka. Phiri limene linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, mkungudza wake watsala pang'ono kutheratu. Mizu imagwira dothi, ndipo nkhalango imachepetsa liwiro la madzi. Anthu a ku Andermatt ku Switzerland analetsa kudula nkhalango ya pamwamba pa mudzi wawo kuyambira 1397, chifukwa anadziwa kuti ndiyo mpanda wawo. Tibzale mitengo, ndipo tiisamale. Koma tisanamize ana kuti mitengo yokha idzatipulumutsa. Mu 1946 phiri la Zomba silinali lometedwa ngati mapiri a lero, koma linagumuka. Mvula ya mamilimita 1,000 imazula mtengo ndi dothi lake lomwe. Mitengo imachepetsa ngozi, siithetsa. Amene wabzala mitengo ayenerabe kudziwa nthawi yothawa.

Palinso funso lolemera kuposa onsewa, ndipo sindilizemba. Kholo lina linandifunsa pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi kuti, mukuti tichoke m'njira ya madzi, tipite kuti? Ndinasowa chonena. Boma la Mulanje linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera wa 2018. Malo ambiri abwino a m'tsinde mwa phiri ali ndi tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda. Munthu salima pamalo otsetsereka chifukwa chokonda, kapena kumanga m'mbali mwa khwawa chifukwa cha umbuli. Ndi kusowa malo. Nkhani imeneyi ndi ya boma, mafumu ndi eni minda ikuluikulu, ndipo tisatope kuikamba. Koma pamene tikudikira yankho, lomwe mwina lidzatenga zaka, dzinja silidikira. Munthu amene sangasamuke kwamuyaya akhozabe kusamuka kwa masiku atatu. Kusiyana kwa moyo ndi imfa nthawi zambiri kumakhala pamenepo: usiku umodzi wokagona kwina.

Wina adzati, nanga tikathawa kenako osachitika kanthu? Anthu adzatiseka, ulendo wina sadzamveranso. Zimenezo zidzachitika ndithu, ndipo tiwauziretu anthu. Ngakhale ku Ulaya amatseka misewu ndi kusamutsa anthu, chipale osatsika.  Kugona pamphasa m'kalasi usiku uwiri n'kubwerera kunyumba yako ili chilili si manyazi. Ine ndinaona mabenchi opanda eni sukulu zitatsegulidwanso mu 2023. Ndinaitana mayina m'kaundula, ena osayankhidwa. Ndingasankhe kusekedwa kakhumi kusiyana ndi kudzaitananso dzina lopanda woyankha.

Aphunzitsi anzanga, sitikusowa chilolezo chochokera ku likulu kuti tiike chitini panja ndi kutulutsa ana m'kalasi kukaona phiri. Silabasi tiimalize, MSCE ana akhoze, koma mwana amene angafotokoze avalanche ya ku Switzerland osadziwa kuti mtsinje wa kuseri kwa nyumba yawo ukaphwa mwadzidzidzi athawe, ameneyo sitinamuphunzitse, tangomulowezetsa. Ndipo inu ana anga akale, ena mwa inu ndinu mainjiniya, anamwino, atolankhani, ena muli m'maofesi a boma. Makolo anu akadali konkuno, m'tsinde mwa phiri lomweli. Mukabwera pa Khirisimasi musangobweretsa shuga ndi zitenje. Yendani kuseri kwa nyumba, muone kumene khwawa laloza, mufunse kuti chimvula chikadzabwera usiku adzathawira kuti. Ngati palibe yankho, musabwerere m'tauni musanalipeze.

Mnyamata uja ndinamupatsa ntchito. Ndinamuuza kuti poti Napolo mulibe m'buku, alembe yekha tsamba limene likusowalo. Dzulo wabweretsa masamba anayi, ndi mapu ojambula ndi pensulo, osonyeza pamene panali nyumba yawo. Chitini chathu tachiika kale pabwalo, ndipo iye ndiye woyamba kuyeza.

 Amene muli ndi maganizo ena, makamaka anzanga a ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, ndiuzeni mmene mukuchitira kwanuko.